Funso la Mwana wa Telala

Ndinatuluka ku koleji ya aphunzitsi mutu uli wotupa ndi nzeru. Kwathu ku Nathenje amayi ankandiseka kuti ndayamba kuyenda ngati pansi pali minga, koma ine sizinkandikhudza. Ndinali ndi satifiketi, madiresi awiri opitirira mawondo monga lamulo linkafunira, ndi kope lachikuto chofiira mmene ndinalemba zonse za phunziro limene tinkalitcha saikoloje, lofotokoza mmene mwana amaphunzirira.

Ankatiphunzitsa phunzirolo ndi bambo ena afupi, adazi, osachedwa kupsa mtima. Ankakonda kunena kuti, "Mwana akabwereza mawu anu musanyade, chinkhwenso chimatha zimenezo. Koma akatenga zimene mwanena n'kukaziyesa pa chinthu china chimene inu simunatchule, pamenepo ndiye waphunzira." Ankatinso mwana wamantha saganiza, ndipo ukamumenya chifukwa cha funso, chimene waphunzira n'chakuti asadzafunsenso, ndipo anzake onse aphunzira naye limodzi. Mawu amenewa ndinawadula mzere kunsi kawiri.

Ananditumiza ku sukulu ina ya kumudzi, kupitirira Mitundu, njira yolowera cha ku Malingunde, n'kundipatsa Sitandade 4. Ana ake anali odziwa kuyankha "Indeee!" ndi pakamwa pamodzi. Ndikafunsa ngati amva, indeee. Ndikafunsa chimene amva, onse maso pansi. Kuseri kwa bolodi ndinapeza mtolo wa zikwapu umene anasiya mphunzitsi wakale, ndipo ndinakausonkhezera pamoto tsiku lomwelo. Ahedi, munthu wachikulire wofatsa, anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, bwenzi mutasungako chimodzi."

Kumbuyo kwenikweni, chotsamira khoma, kunkakhala kamtsikana kena ka zaka ngati khumi, mwana wa telala amene ankasoka pakhonde la sitolo ina pa Mitundu. Teremu yonse yoyamba sindinamve mawu ake. Koma maso ake ankandilondola, ndipo m'kope mwake munali mwaukhondo kuposa mwanga. Ndinamuyamba pang'onopang'ono. Ndinkamutuma kufufuta bolodi, kumufunsa zinthu zimene ndinkadziwa kuti azikhoza, kumuyamikira pamaso pa anzake. Tsiku lina tikusungunula mchere m'kapu, dzanja lake linakwera mpaka pakhutu n'kuima pomwepo.

"Aphunzitsi, nanga mcherewo wapita kuti?"

Ndinauza kalasi yonse kuti imuwombere m'manja. Kuchokera tsiku limenelo mafunso anayamba kutuluka mwa iye osapuma. Kodi nyerere zimagona? Bwanji mwezi umatitsatira tikamayenda? Anzake ataona kuti sakumenyedwa, nawonso anayamba kukweza manja. Ine ndinkanyada, sindikubisa. Ndinkadziona ngati ndine ndekha ndikudziwa ntchito pa sukulupo.

Mvula yoyamba ya chaka chimenecho inabwera ndi chimphepo chimene chinasasula denga la ofesi ya ahedi. Poti chipinda changa chokha ndicho chinali chosadontha, anasamutsiramo tebulo lawo, kabati, ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Anachikhomera pamwamba pa bolodi, ndipo ine ndinatsitsa mapu anga, chifukwa panalibe chinthu chololedwa kukhala pamwamba kuposa chithunzicho. Ana a masiku ano sangamvetse. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo makutu ake anali paliponse. Chaka chimodzi ine ndisanafike, mphunzitsi wina wa sukulu yoyandikana nafe anatengedwa pa galimoto chifukwa cha mawu amene ananena pa maliro. Palibe amene ankatchulanso dzina lake, ndipo mkazi wake anthu ankamupatsa moni akuyang'ana kumbali.

Ine ndinali ndisanatsimikizidwe pa ntchito, choncho oyendera sukulu anayenera kubwera kudzandiona ndikuphunzitsa. Anafika Lachitatu m'mawa pa njinga yamoto. Phokoso lakelo linaitananso a tcheyamani a chipani m'dera lathu, amenenso anali mu komiti ya sukulu. Anali munthu wamtali, wa jekete yakuda, kabaji ka nkhope ya mtsogoleri kali pachifuwa. Sanaitanidwe, koma ndani akanawabweza? Ahedi anaika mipando itatu kumbuyo, alendo n'kukhala, iwo pakati.

Phunziro linali la zamoyo ndi zopanda moyo, ndipo ndinalikonzekera sabata yonse. Patebulo ndinaika mwala, supuni, mmera wa chimanga ndi chiwala m'botolo. Ana anatulukira okha kuti chamoyo chimabadwa, chimadya, chimakula, kenako chimafa, ndipo ine ndinalemba zinayi zimenezi pa bolodi. Nanga mbuzi? Imafa. Mtengo wa mango? Umauma, ndiye kufa kwake. Manja ankakwera ngati mapesi. Ndinaona oyendera sukulu akugwedeza mutu uku akulemba, mtima wanga n'kukhala m'malo. Ndikanatsekera pomwepo. Koma kunyada kunandikankha, ndinafuna alendo aone chimene sukulu zina zilibe.

"Alipo amene ali ndi funso?"

Dzanja la mwana wa telala linakwera, nthawi ino lonse lathunthu. Anaimirira.

"Aphunzitsi, mwati chamoyo chilichonse chimafa?"

"Eya, chilichonse."

"Olo chikhale chachikulu bwanji?"

"Olo njovu imene," ndinayankha, ndikumwetulira ngati chitsiru.

Mwanayo anakweza chala n'kuloza pamwamba pa mutu wanga, pamene panali chithunzi.

"Ndiye kuti awonso adzafa?"

Ndinkamva chiwala chija chikugunda m'botolo. Ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu kwa zaka zambiri: choyamba kufika mumtima mwanga chinali chimwemwe. Mwana uja anatenga zimene ndinanena n'kukaziyesa pamene ine sindinamutume. Anaphunzira, ndendende monga zinalembedwera m'kope langa lofiira. Chimwemwecho sichinakhalitse ngakhale kupuma kumodzi. Ndinaona ahedi atagwira pakamwa, cholembera cha oyendera sukulu chitaima, ndipo a tcheyamani akuweramira kutsogolo, manja pa mawondo.

Mmene ndinafikira pamene anaima mwanayo sindikumbukira. Ndimangokumbukira kulira kwa khofi, ndi kutentha kwa chikhatho changa. Sindinali nditamenyapo mwana chiyambire ntchito.

"Wamwano iwe! Akuluakulu amalozedwa ndi chala? Gwada!"

Ndinkafuna mlandu ukhale wa chala, osati wa mawu. Anagwada osalira, dzanja lili patsaya, akundiyang'ana ngati munthu amene sakundidziwa.

A tcheyamani sananyengeke. Anafunsa motsitsa mawu, "Ndi mwana wa ndani ameneyu?"

Ahedi anatsegula rejisitala n'kuyamba kuvundukula masamba, kupita kutsogolo, kubwerera m'mbuyo, chonsecho telala uja ndiye ankawasokera mathalauzi.

"Mwana salankhula zimene sanamve," anapitiriza a tcheyamani. "Mawu amenewa wawamva kunyumba, kapena wawamva muno. Tiuzeni, aphunzitsi."

Njira zinali ziwiri, ndipo zonse zinkathera pa galimoto ija. Ndikati kunyumba, telala wapita, ana ake asanu atsala pamtunda. Ndikati muno, ndapita ine. Ndinapinda mawondo pang'ono, manja pamodzi.

"A tcheyamani, pepani kwambiri. Mwana ameneyu mutu wake sugwira. Ndi mbuli yotheratu m'kalasi muno, amangobwebweta chilichonse chamufikira pakamwa. Tsiku lina anandifunsa ngati nyerere zimagona. Tsiku linanso akuti mwezi umamutsatira kunyumba. Afunseni anzakewa."

Ndinatembenukira kwa ana. "Ndikunama?"

"Ayiii!" anayankha onse ndi pakamwa pamodzi, monga ndinawapezera. Wina anaseka, ena n'kutsatira, kuseka kwa mantha. Mafunso omwe aja amene ndinawawombetsera m'manja ndinawatola limodzilimodzi n'kuwasandutsa umboni wa uchitsiru wake, iye ali chogwada pomwepo akumva.

A tcheyamani anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako oyendera sukulu anatseka buku lawo, n'kuyang'ana wotchi, n'kunena mopanda chidwi kuti ana otere amapezeka sukulu iliyonse, ndipo nthawi yatha, ana aimbe nyimbo. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti oyendera sukulu aja anamvetsa zonse. A tcheyamani anatsamiranso pampando.

"Nyerere kugona!" anatero, akuseka ndi mphuno. "Muzimukwapula, aphunzitsi. Chitsiru chimapalamulitsa mudzi."

"Ndamva, a tcheyamani."

Kwa milungu iwiri, galimoto iliyonse ikamveka pa msewu choko chinkandigwa m'manja. Zovala zanga ndinazimanga m'kachikwama, ndipo ndinalembera amayi ku Nathenje kalata yopanda nkhani, yongowafunsa za m'munda. Palibe anabwera. Patapita nthawi kalata yonditsimikiza pa ntchito inafika, ndipo ahedi anati lipoti linanena kuti ndimadziwa kusunga mwambo m'kalasi.

Loweruka lina ndili pa msika wa Mitundu, telala uja anandiona. Anasiya makina, n'kutsika pakhonde, n'kugwira dzanja langa ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, zikomo. Ndamva zonse. Mwatipulumutsa," ananong'ona. "Musadandaule, kunyumba ndinakamuwonjezera chikwapu. Sadzayambiranso."

Ndinayankha kuti zikomo. Ndikanati chiyani? Ndinabwerera kunyumba osagula chimene ndinapitira.

Mwana uja anabwerera kukhoma kwake. Sanajombe ngakhale tsiku limodzi, ndipo kope lake linali laukhondo monga kale. Ndikafunsa ngati alipo ali ndi funso, kalasi yonse inkayang'ana pansi. Zimene ndinamanga miyezi isanu ndi umodzi ndinazigwetsa m'mawa umodzi, ndipo ndinkadziwa bwinobwino chifukwa chake, poti chinali chodulidwa mzere kawiri m'kope langa. Tsiku lina anzake ataweruka ndinamuitana. Ndinkafuna kumuuza kuti sanalakwe, kuti m'kalasi monse munalibe wanzeru ngati iye. Koma kumuuza zimenezo kunali kumubwezera mawu aja pakamwa, ndipo mwana wa zaka khumi angawasunge mpaka liti? Ndinangotulutsa pensulo yatsopano n'kumupatsa. Anagwada, n'kulandira ndi manja awiri, maso pansi.

"Zikomo aphunzitsi."

Pa mayeso otsekera teremu ndinafunsa kuti atchule zinthu zinayi zimene chamoyo chilichonse chimachita. Ndikuchonga mapepala masana pansi pa mtengo, ndinafika pa lake. Analemba ndi pensulo yomwe ija, zilembo zoongoka bwino: chimabadwa, chimadya, chimakula. Pa nambala yachinayi anayamba kulemba, kenako n'kufufuta mwamphamvu mpaka pepala kubooka. Ndinakhala nthawi yaitali cholembera chofiira chili m'manja. Yankho ankalidziwa kuposa mwana aliyense amene ndinaphunzitsapo m'zaka zonse za ntchito yanga, ndipo amene anamuphunzitsa kulifufuta ndinali ine. Ndinachonga pambali pa kabowoko, n'kumupatsa malikisi onse anayi.