Rauta pa Mtsuko wa Anganga

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, Che Mussa, fungo la utsi wa nsomba ndi lomwe limayamba kufika. Silinkawachoka ngakhale atasamba kuti apite ku mzikiti. Ntchito yawo inali kuwamba kampango ndi mlamba pa uvuni wadothi kuseri kwa nyumba, ku Nkopola. Moto sankauyesa ndi maso. Ankatambasula kuseri kwa dzanja pamwamba pa waya, kukhala chete mafuta a nsomba akuthetheka pamakala, kenako n'kuchotsa chikuni chimodzi.

Ine ndinakulira kwa iwo, chifukwa bambo ndi mayi anali ku Joni. Chaka china bambo anatumiza foni ndi rauta, kabokosi koyera kolowa simu khadi, kuti tizionana nkhope poyankhulana. Agogo aakazi, omwe tinkawatchula kuti anganga, anakalandira ngati mlendo. Anakaika m'kabati ya mbale zadothi n'kukafunditsa kansalu kopeta maluwa, kuti utsi ndi fumbi zisakadetse.

M'mawa kankagwira bwino. Dzuwa likakwera, malata akatentha, kanyali kake kobiriwira kankafiira, nkhope ya mayi n'kuuma pafoni kukamwa kuli yasa. Ndinkazimitsa n'kuyatsanso. Ndinkachotsa simu, kuipukuta pamalaya, kuibwezera. Bando inalimo. Batire la sola linali lodzaza. Tinangoti ndi netiweki.

M'chilimwe mayi anabereka mwana wamwamuna. Kwathu dzina amapereka ndi agogo, ndipo asanalitchule amayamba aitana azana, mawu aja oitanira Asilamu ku mapemphero, m'khutu mwa khandalo. Bambo anati patsiku lotchula dzinalo adzaimba foni masana, nthawi yokhayo yomwe abwana awo ankawamasula. Masana ndiye pomwe rauta inkafa.

"Mukalephera inu, atchula anzake a komweko," anganga anauza agogo. "Mdzukulu wanga adzakula ndi dzina lowerenga pa chikwangwani cha sitolo."

Dzulo lake agogo sanayatse uvuni. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi kabati kuyambira m'mawa. Kanyali katafiira ndinafuna kukapatsa khofi kabokosiko. Anandigwira mkono.

"Usakamenye. Sikanakulakwire."

Anavundukula kansalu, kuika kuseri kwa dzanja, kukhala chete ngati ali pa uvuni.

"Abiti Saidi," agogo anaitana anganga, "mlendo wanu mwamuwamba."

"Ine ndimamusamala. Mumafuna ade ngati inu?"

Kutacha agogo anatenga mtsuko wa anganga wa madzi akumwa, uja wotuluka thukuta lozizira kunja, anauika pansi pa mtengo wa mango n'kuuvundikira ndi lichero. Rauta inakhala pamwamba, yosafunda kanthu. Ine ndinasenza batire. Anganga ankang'ung'udza kuti mlendo watulutsidwa panja ngati mbuzi.

Foni inalira dzuwa lili paliwombo. Kumeneko bambo anayandikiza foni yawo pakhutu la khanda. Kuno agogo anaimirira, kubweretsa pakamwa pawo pafupi ndi foni, n'kuyamba azana chapansipansi kuti mwana asadzidzimuke. Ine maso anali pa kanyali. Kunalibe mphepo, malata ankathetheka, nkhuku zinali wefuwefu pamthunzi. Kanyali kanakhalabe kobiriwira mpaka mawu omaliza.

"Dzina lake ndi Idrisa."

Mayi analira ku Joni, anganga analira pansi pa mango. Mawu a nkhalamba yonunkha utsi anachoka pamwamba pa mtsuko n'kukalowa m'khutu mwa mng'ono wanga, kudziko komwe agogowo sanapondeko. Iwo anangondipatsa foni n'kupita kukayatsa uvuni.

Agogo anamwalira Idrisa asanabwere kumudzi. Sanamunyamulepo. Koma dzina analipereka okha.

Lero ndimakonza injini za maboti. Ikabwera yozimazima, mwini wake amafuna ndiimasule pompo. Sipanala imadikira. Ndimailiza kaye, kuyandikiza kuseri kwa dzanja, n'kukhala chete.