Foni yoimbira bwana basi

Ndinagwirapo ntchito pa kampani ina yogula fodya ku Lundazi. Ndinkapalasa njinga kuyendera alimi a ku Mphamba, kuona nazale, zigafa ndi mabelo. Poyamba ankatipatsa ndalama ya tokotaimu mwezi uliwonse. Kenako bwana wa ku ofesi ya paboma anati timangoimbira zibwenzi, choncho anatigawira mafoni a kampani. Mafoniwo ankaimba manambala a ku ofesi okha. Ukayesa nambala ina ankangodula. Foni yangayanga inali itafa kale ndi mvula, ndili pa ntchito yawo yomweyo, ndipo palibe amene anaifunsa.

Tsiku lina masana ndinali pachigafa cha bambo wina wachikulire wochokera ku Kasungu. Akazi awo ankasoka fodya, ndipo atapisa dzanja mumulu wa masamba njoka inawaluma. Dzanja linayamba kutupa ife tikuona. Foni ya bamboyo inalibe moto. Nambala ya woyendetsa minibasi ndinkaidziwa pamtima, koma foni ya kampani inakana. Ndinaimbira bwana.

"Bwana, amayi alumidwa na njoka kuno. Tumizani galimoto, kapena muimbileni wa minibasi abwele."

"Galimoto ili ku Mwase," anatero. "Ndipo foni iyo si ya matenda a anthu. Mabelo mwawelenga?"

Ndinamudulira. Bamboyo ankandiyang'ana kudikira yankho, ine ndili chiimire ndi foni yodzaza moto m'manja. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Tinabwereka ngolo kwa mnansi. Ng'ombe zinali kudambo, mpaka tinachita kukazitenga. Njira yonse mayiwo ankabuula chapansipansi, amuna awo atawagwira mutu. Kuchipatala anapulumuka, koma zala zina zinauma. Sasokanso fodya.

Lolemba pamsonkhano bwana anandiimiritsa pamaso pa anzanga. Sanafunse za mayiwo. Anafunsa kuti ndinaphunzira kuti kudulira foni akuluakulu.

"Munaiona mwezi uno bilu yathu ya mafoni?" anatero akumwetulira. "Yatsika bwino."

Ndinaika foniyo patebulo pake, ndi chaja yomwe, n'kutuluka. Palibe mnzanga amene ananditsatira, ndipo sindiwada, ali ndi ana. Masiku ano ndimagulitsa nshawa pa Msika wa Lundazi. Bwanayo amadutsa pagalimoto atatseka magalasi, foni ili kukhutu, ndipo mpaka lero mtima wanga umawira.