Inki yofiira pa nkhani ya Tiyamike

Ana anga nonse, ndikhulupirira mwaswera bwino.

Mdzukulu wathu Tiyamike wachokera ku koleji masana ano nkhope itagwa. Aphunzitsi am'bwezera nkhani imene analemba yonena za akalipentala a muno m'Kalingalinga. Akapanda kuikonza pofika Lachisanu, abwereza phunzirolo chaka chamawa.

Sabata yatha anaionetsa kwa makina anzeru a m'foni otchedwa AI. Makinawo anawongola Chingerezi chake nam'tamanda, mwana mpaka kuvina pakhonde. Aphunzitsi Chingerezicho sanachikhudze. Angozunguliza ndi inki yofiira mzere wonena kuti akalipentala athu amaumitsa matabwa m'ng'anjo zamagetsi, nalemba pambali: "Ng'anjoyo mwaiona kuti? Mwafunsako mmisiri ngakhale mmodzi?"

"Koma agogo, AI inakamba ati vili che bwino," akutero mwiniwake.

Ndam'yankha kuti wakutsina khutu ndiye mnansi. Makinawo sanayendepo mumsewu wathu kuti aone matabwa atatsamira chipupa padzuwa.

Inu a Yohane, amalume ake a Tiyamike, shedi yanu yopalira matabwa ili nyumba zitatu kuchokera pano, koma iye amailambalala kuopa utuchi m'tsitsi. Abale, mukuti bwanji? Tim'tumize kumeneko mawa ndi kope lake, kapena tiyambe tam'funira duku?