Njoka Kuseri kwa Mpando wa Tahlia

Ine ndi Glenys Tuckwell tagwira ntchito limodzi zaka zambiri pa sukulu yophunzitsa ana a kumafamu a ng'ombe kudzera pa intaneti. Iye amaphunzitsa, ine ndimakhala pambali pake kuyang'anira makina. Kalasi yake ndi kachipinda kopanda zenera, muli kamera ndi sikirini yaikulu yogawika m'timabokosi. M'kabokosi kalikonse mumakhala nkhope ya mwana, wina ali kutali kwakuti galimoto imayenda tsiku lathunthu isanafike pageti la kwawo.

Glenys nayenso anakulira kufamu yakutali chonchi. Anaphunzira kuwerenga pa wailesi yolankhulirana, mawu a mphunzitsi akumveka ngati a munthu wolankhulira m'chitini. Ali kamtsikana, bambo ake anagwa pahatchi, namwalira pakhonde ndege ya madokotala isanatere. Atakula anasamukira m'tauni, napeza nyumba moyandikana ndi chipatala. Tikamamuseka ankangoti, "Sekani. Inu mtunda mumauonera pamapu."

Makompyuta atalowa m'malo mwa wailesi, iye ndiye anali womaliza kuwalandira. "Ndinkangowamva anawa, tulo n'kumavuta," anatero. "Ndiye mukufuna ndiziwaonanso?" Koma anazolowera, mpaka anafika powaphunzitsa aphunzitsi achinyamata kugawa ana m'magulu pa sikirini.

Tsiku lina m'mawa, nyengo yotentha, ankaphunzitsa masamu ana a zaka zisanu ndi ziwiri. Mmodzi mwa iwo anali Tahlia Brogan, kamtsikana kolongolola, kodana ndi nsapato. Amayi ake, Kerryn, anasuzumira pa kamera.

"Pepani Glenys, pampu yazima, ng'ombe zilibe madzi. Amuna onse ali kokusa. Ndibwera pompano."

"Pitani, ndimusamala," anayankha Glenys.

Pasanapite nthawi ndinaona chinthu chonga lamba chikulowa pachitseko cha kumbuyo kwa Tahlia. Chinali chachitali, chabulauni. Mwanayo anali atavala mahedifoni, akugwedeza miyendo uku akuwerenga zala. Dougal, mnyamata wa famu yoyandikana nawo, anachiona nayenso.

"Aphunzitsi! Kuseri kwa..."

Ndinamutsekera mawu asanamalize, n'kubisa mabokosi a ana enawo kuti Tahlia asaone nkhope zawo. Njoka za mtundu umenewo sizichedwa kulusa. Mwana akadumpha, basi.

Nkhope ya Glenys inatuwa ngati phulusa, koma mawu ake anatuluka ofewa.

"Tahlia mwanawe, masamu tiyambe tawasiya. Tisewere. Kweza miyendo pang'onopang'ono, uipinde pampando. Pang'onopang'ono ndithu, ngati bilimankhwe."

"Ndipo kenako?"

"Kenako ukhale ngati chitsa. Maso kwa ine. Ukatembenuka, Dougal wapambana."

"Dougal sangandipose, iye sakhazikika, ndi nyongolotsi," anatero Tahlia, nakweza miyendo.

Njoka ija inayenda m'mbali mwa khoma, kenako inakhotera ku mpando, n'kulowa pansi pomwe kamera siona. Apa ndiye mantha anakula, chifukwa sitinkadziwanso pomwe ili.

Ndinaimba foni ya Kerryn. Tinaimva ikulira kukhitchini kwawo, kudzera pa kompyuta ya mwanayo.

"Aphunzitsi, foni ya amayi ikulira. Ndikayankhe?"

"Ayi! Chitsa chimayankha foni?"

Ndinadula msanga. Glenys anatseka cholankhulira chake n'kundinong'oneza osachotsa maso pa sikirini: "Amayi a Dougal. Wailesi yawo yolankhulirana imafika m'galimoto ya Kerryn." Ndinamutsegulira mawu Dougal payekha, ndi kumuuza kuti athamange akauze amayi ake kuti amuitane Kerryn pa wailesiyo. Anagwetsa mpando potuluka.

"Aphunzitsi, kuli chinachake chikukhwekhwereza pansi," anatero Tahlia. Maso ake anayamba kutsika.

"Ndi mphepo. Tandiuza, kamwana ka ng'ombe kako kaja unakatcha ndani? Undiuze ndi pakamwa pokha."

Tahlia anatsegula pakamwa kuti ayankhe, ndipo pakamwapo panakhala chotsegula. Sanaphethirenso. Poyamba ndinayesa kuti akulimbikira masewera, kenako ndinaona kachizindikiro kakuzungulira pakona. Netiweki inali itagwa, chithunzi chauma.

"Bweza! Bweza mwana wanga!" Glenys anandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Vuto lili kwawoko, kuno palibe chimene ndingachite."

"Akundimva?"

"Mwina. Nthawi zina mawu amadutsa."

Ndiye anapitiriza kulankhula ndi chithunzi chouma chija. Anamuyamikira kuti ndi chitsa chabwino kuposa zitsa zonse. Anamuuza kuti Dougal wayamba kale kugwedezeka. Mawu atamuthera anayamba kuimba kanyimbo kowerengera manambala, misozi ikutsikira pakhosi, mawu osasintha ngakhale pang'ono. Ine ndinkangoganiza za ana aja ndinawabisa, aliyense ali yekhayekha m'chipinda chake, atakhala duu kudikira. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Malaya anga ananyowa ndi thukuta.

Chithunzi chitabwerera, pampando panalibe munthu. Mahedifoni ankalendewera m'mbali mwa tebulo. Galu ankauwa mwaukali penapake m'chipindamo.

Glenys anaimirira. "Tahlia! Tahlia!"

Kenako kompyuta inagwedezeka, tinaona denga, thambo, n'kubwera nkhope ya Kerryn, yafumbi, akupuma mwawefuwefu.

"Ali nane. Ndamukokera pazenera. Sinamukhudze, ndamuyang'ana paliponse."

Kumbuyo kwake kunamveka Tahlia akulira, osati chifukwa cha njoka, koma chifukwa amayi ake anamugunditsa bondo pafelemu ya zenera. "Aphunzitsi, amayi ndi amene andigwedeza! Siziwerengedwa zimenezo!"

"Siziwerengedwa, mwanawe. Wapambana ndiwe," anatero Glenys. Atatero anatseka kamera, nagwada, n'kusanzira m'bini ya mapepala.

Galu uja analowa m'chipindamo Kerryn asanamuletse. Njoka inamuluma pamphuno, ndipo pofika masana anali atafa. Njokayo anaipeza amuna aja madzulo, kuseri kwa kabati ya mabuku.

Glenys anakhala kunyumba sabata yonse. Nditapita kukamuona anandiuza kuti akusiya ntchito.

"Ndinamuuza mayi uja kuti ndimusamala. Ndimusamala ndi chiyani, iwe? Ndi galasi la sikirini?"

"Koma unamusamala."

"Unali mwayi chabe. Akanatembenuka, ine ndikanangoonerera."

Sindinamutsutse, chifukwa zinali zoona. Komabe Lolemba anabwera, atanyamula malamulo ake. Phunziro lisanayambe, mwana aliyense azungulitse kamera m'chipinda chonse. Chitseko chitsekedwe, nsapato kuphazi, ndipo munthu wamkulu akhale pomwe angamve kuitana. Makolo ena anang'ung'udza kuti kumafamu ntchito siidikira, ndipo bambo wina anamutcha wapolisi. Glenys sanasunthe. Kholo likachoka, iye amaimitsa phunziro la mwanayo mpaka libwerere, ndipo ena amadana naye mpaka lero chifukwa cha zimenezi.

Nyengo yotentha ikafika amaonda. Ndimamuona akuphunzitsa maso ali m'makona a timabokosi, ndipo kawiri waimitsa kalasi chifukwa cha chingwe cha magetsi chimene anachiyesa njoka.

Kerryn anamutumizira bokosi lalikulu la nyama ya ng'ombe pa lole ya katundu, ndipo chaka chilichonse amamuitana kuti akacheze kufamu. Glenys amayankha kuti aona. Nyamayo anatigawira tonse mu ofesi, ine anandipatsa nthiti.