Kawindo pa Pepala la Shuga

Chaka chimene ndinali giredi faifi, atate anasiya ntchito ya ukalaliki m'tauni ya Chipata chifukwa cha kudwala. Anaonda mpaka wotchi yawo inkatsetsereka kukafika pachigongono. Dzina la matendawo anthu sankalitchula, ankangosiya kubwera. Anzanga amene tinkasewera nawo phada analetsedwa kuponda pakhomo pathu. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma chaka chimenecho mwambiwu unali patchuthi. Amayi ankaphunzitsa ku Madzimoyo, kulawirira m'mamawa, kubwerako dzuwa litapendeka. Ndikaweruka kusukulu tinkakhala awiriwiri m'nyumba, ine ndi atate. Ndinkasungulumwa kwambiri, ndipo ndikhulupirira kuti iwonso zinali chimodzimodzi.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni, aphunzitsi athu a sayansi anabwera ndi mtedza, mbatata ndi mapepala a khaki. Anati mafuta a m'zakudya ndiwo nkhokwe ya thupi. Amasunga mphamvu yoti itithandize chakudya chikachepa, amatifunditsa kuti tisazizidwe, amatchinjiriza ziwalo za m'kati, ndipo mavitamini ena thupi silingawalandire bwino popanda iwo. Kenako anatikita mtedza papepala n'kulikweza moyang'ana kudzuwa. Pamalopo panayamba kudutsa kuwala, ngati kawindo kakang'ono. Mbatata inangonyowetsa pepala, ndipo litauma sipanatsale kanthu.

Anzanga anaona ngati masewera, koma ine ndinaona mankhwala. Atate ankafunda bulangeti ngakhale atakhala padzuwa. Ndinati basi nkhokwe yawo yatha, chatsala n'kuidzaza.

Kunyumba ndinang'amba thumba la shuga n'kuyamba kuyeza chilichonse cha m'khitchini. Chimene sichinatulutse kawindo ndinkachinyoza poyera, kaya ndi kabichi kaya ndi tomato. M'phala la atate ndinkathira nsinjiro mpaka supuni kuima yokha, pamwamba pake n'kudonthezera saladi, mafuta athu ophikira. Iwo ankadya pang'ono n'kukankhira mbale kumbali.

“Adokotala, mudzandipha ndi mtedza,” ankatero.

“Malizani, Atate. Mukufuna muzizizidwa mpaka liti?”

Ndinali waukali, ndipo iwo ankangoseka, kusekako n'kuthera m'chifuwa.

Patapita masabata angapo ndinafuna umboni. Ndinatenga kapepala n'kukatikita pamkono pawo. Khungu linali louma, lotuwa. Nditakakweza kudzuwa sipanaoneke kanthu. Sindinkadziwa kuti mafuta a m'thupi sayezedwa motero, ndipo womufunsa panalibe. Ndinakataya pansi kapepalako n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene ndinalira ndekha mpaka maso kutupa.

Mawa lake ndisanavule n'komwe yunifolomu, anandiitana.

“Adokotala, lero simuyeza?”

Anatambasula mkono. Ndinatikita monyinyirika, n'kukweza. Kawindo kanatuluka, kakakulu bwino, kowala. Koma pepalalo linkanunkhira, ndipo fungolo ndinalidziwa. Anali mafuta odzola a amayi, aja a m'kabotolo kamene ankakasunga pamwamba pa kabati kuchipinda. Munthu amene sankatha kufika pakhonde osagwira khoma anali atadzikoka yekha mpaka kukafikira pamwamba pa kabatiyo.

Ankandiyang'ana, kudikira mawu a dokotala.

“Ayamba kulowa,” ndinatero.

“Mwaona? Ndiye bweretsani phala lija.”

Tsiku limenelo anamaliza mbale yonse. Kuyambira pamenepo tinkayeza masana alionse. Iwo ankadzola ndisanafike, ine ndinkalengeza zotsatira nkhope ili gwa, ndipo palibe anaulula kwa mnzake. Mafuta a m'phala sakanatha kuchiza matenda aja, zimenezo ndinadzazimvetsa nditakula. Koma ankadya, ndipo masana sankatalikanso monga kale.

Atate anamwalira mvula isanagwe. Anthu aja anabwera tsopano, ambirimbiri, kudzaimba nyimbo pabwalo limene ankalilambalala. Atabalalika, tinatsala awiri ndi amayi. M'mawa wina akukonzekera kubwerera kuntchito, anatsitsa kabotolo kaja, kukatsegula, n'kusuzumiramo.

“Kodi mafuta angawa atha bwanji msanga chonchi?”

Ndinatembenukira kumpando wa atate wa pawindo, kumene kunayenera kukhala munthu woti tiyang'anane n'kubisa kuseka. Panali bulangeti lopindidwa bwino. Ndinangoti sindikudziwa.