Msondodzi wa Adona ku Nuaija

Pa mapepala ndinali dalaivala wa nyumba ina ku Nuaija, dera la mzinda wa Doha ku Qatar, koma ntchito yanga yeniyeni inali yolera mtengo. Adona a panyumbapo, mzungu wa ku nkhalango za kumadzulo kwa Canada, anabwera ndi kamsondodzi ka kwawo atakafunditsa ngati khanda. Ankati kwawoko ndi mtengo waulemu wake: mizu yake imagwira nthaka kuti isakokoloke, mphalapala za kumeneko zimadya nsonga zake, ndipo chisanu chikangotha njuchi zimayambira pa maluwa ake. Ine ndinkamwaza maso pabwalo la simenti lija, mphalapala osaiona.

Mu Doha mtengowo unali lova, koma unkasamalidwa kuposa ife ogwira ntchito. Madzi ozizira katatu pa tsiku, masana ambulera. Ine ndikadwala ankandiponyera panado.

Tsiku lina kumudzi anaimba kuti mayi anga agonekedwa m'chipatala ndipo akundiitana. Masiku amenewo wantchito sankatuluka m'dzikomo popanda chilolezo cha abwana ake. Adona anandimvera chisoni mpaka misozi mbwee, atapukuta n'kundifunsa kuti nanga mtengowu athirira ndani chilimwe chino.

Ndinapsa mtima. Iwo atapita kogula zinthu ndinatenga mpeni wa kukhitchini n'kuudula patsinde penipeni. Ndinawauza kuti dzuwa laupsereza, ine ndangochotsa zouma. Kenaka ndinachita chopusa cha Chimalawi: kuti ndioneke wolira nawo maliro, ndinapitiriza kuthirira chitsacho m'mawa ndi madzulo, nkhope ili yakugwa. Chilolezo ankati tikambirana mtima wawo ukakhala pansi.

Sabata ziwiri zisanathe, chitsa chija chinatulutsa mphukira mbali zonse, zobiriwira mochititsa manyazi. Adona anavina. Anandifotokozera kuti ndiyo ntchito yake kwawo: moto ukadutsa m'nkhalango, kapena nyama zikaubudula, umafulumira kuphukanso mitengo ina ikadali makala. Ine mwana wokulira kudambo, wodziwa bwino lomwe kuti msondodzi sufa ndi chikwanje, mkwiyo unandiiwalitsa zonsezo.

Anaitana anzawo kudzaona, akundiloza kuti ndili ndi dzanja labwino.

"Khalas, basi, panopa sungapite," anatero Adona akundisisita paphewa. "Mphukirazi n'zanthete, zimadziwa iwe wekha."

Mayi anaikidwa Lachinayi. Nyimbo za kumanda ndinazimvera pa foni ya mlongo wanga, dzanja lina litagwira paipi yothirira.