Bulangete pa kompyuta ya Dona Alzira

Dona Alzira anagwira ntchito yolemba makalata zaka makumi awiri ndi zitatu pa bungwe lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Lichinga. Anayambira pa makina otayipira aja, ndipo kompyuta itabwera anaiphunzira okha, chala chimodzichimodzi. M'mawa uliwonse ankachoka ku Chiuaula wapansi atadzikulunga kapulana ziwiri, zitenje zathu zija, n'kufika tonsefe tisanafike. Ine ndine Zubaida, wa kosungira mbewu, ndipo zimene anawachita mayi amenewa zimandiwawabe.

Mu Juni, chisanu chitavuta, pulogalamu ya imelo inayamba matenda. Ukaitsegula inkangoima njo, kenako n'kudzitseka yokha. Tsono kalata yopempha mbewu kwa otithandiza inkayenera kupita pofika Lachisanu masana. Shefe wathu, Senhor Teodoro, anaimbira tekiniko wina wa ku Nampula. Foni inkadukaduka, ndipo pa zonse zimene munthuyo ananena, shefe anatolapo liwu limodzi la Chipwitikizi: "congelou".

Anthu a makompyuta akatero amangotanthauza kuti chinthu chaima. Koma kaliuzeni liwu limenelo munthu wa ku Lichinga mu Juni, zala zitauma gwa. Shefe anamva kuti kompyuta yauma ndi kuzizira. Anaitanitsa bulangete la kunyumba kwawo, n'kufunditsa bokosi lonse ndi timabowo ta mpweya tomwe. Pansi pa tebulo anaikapo mbaula ya makala.

"Shefe, makinawa safuna kufunda," anatero Dona Alzira mwaulemu. "Akutentha kale."

"Munaziphunzira kuti zimenezo, Dona Alzira? Tekiniko wanena. Ndinu amene mumatsegula zenera m'mawa. Kalata ikapanda kupita Lachisanu, mundisiyire makiyi."

Munthu wamkulu ndithu, wa tayi pakhosi, kufunditsa makina ngati khanda. Tonse tinangoti zii, ine ndemwe, ndipo ndimachita nazo manyazi. Masiku awiri kompyuta ija inkalira ngati mota yokwera chitunda, n'kumazima yonse.

Lachisanu m'mawa shefe atapita ku msonkhano, Dona Alzira anachotsa bulangete, anatulutsa mbaula, anapukuta fumbi. Kenako anazula chingwe cha intaneti, ati kuti aone ngati pulogalamuyo ikuvutika ndi za m'kati kapena za kunja. Inatseguka bwinobwino. M'bokosi la makalata odikira kupita munali kalata imodzi yonenepa zedi: zithunzi makumi anayi za shefe ataima m'minda ya eni atavala suti. Shefewo anayesa kudzitumizira okha Lamlungu muofesi mulibe munthu. Pulogalamu ikangotseguka inkalimbana nazo, n'kutsamwa.

Mayiwo anasamutsira zithunzi zonse pa fulashi, chimodzi osataya, anachotsa kalatayo pamzere, n'kubwezera chingwe. Kalata ya mbewu inapita nthawi isanakwane. Ndinaona ndi maso angawa, ndinawagwira dzanja.

Mukuganiza shefe atabwera anathokoza? Ataona bulangete litapindidwa pampando anafunsa amene wapereka chilolezo. Atamva za zithunzi, nkhope inagwa.

"Mwagwira makalata anga, Dona Alzira?"

"Ndi amene anatseka njira, shefe. Onse ali apa."

Tsoka lawo ananena zimenezi tonse tikumva. Akanawanong'oneza pambali, mwina lero akanakhala adakali pa tebulo lawo. Kwa akomiti a bungwe shefe anakanena kuti kutentha kwa masiku awiri ndiko kunachiritsa makina, koma mayiwo ndi amwano ndipo amafufuza za eni. Akomiti, amene palibe ndi mmodzi yemwe anagwirapo kompyuta, anangogwedeza mitu. Fodya weniweni. Lolemba anawaitanitsa makiyi.

Tsiku limenelo ndinawapeza Dona Alzira akulemba pakapepala ndi bolopeni: zula chingwe, tsegula pulogalamu, yang'ana makalata odikira, osafunditsa. Anakamata m'mbali mwa kompyuta. Mtima unandiwira.

"Dona Alzira, mukuwasiyiranso nzeru anthu amene akuchotsani? Asiyeni awone polekera."

"Ikadzaimanso, odzasowa mbewu si shefe, mwanawe," anandiyankha.

Anaika makiyi patebulo, anatenga kapu yawo ya tiyi, n'kutuluka. Palibe anawaperekeza kupatula ine, ndipo nane ndinabwerera pageti poopa kuti shefe andiona.